Khoma Limene a Dona Telma Sanalipake Njereza

Mukafika ku Furancungo n'kufunsa kwa a Dona Telma, palibe adzakuuzeni zokhotera kumanja kapena kumanzere. Adzangoti, "Tsatirani posesa." Ndipo n'zoona. Mukadutsa pa mpope wa m'bairu mwathu, kanjira kamayamba kuyera pang'onopang'ono. Timapepala ta bolacha, mabisiketi aja, timachepa, zitsononkho zimasowa, mpaka mufika pamene pansi pali mizere ya tsache yowongoka ngati ya m'kaderno wa mwana wa sukulu. Pamenepo yambani kuganizira za nsapato zanu. Mwafika.

Mayiwa si a kuno. Anabadwira ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano, kumene kumazizira mpaka mano kugundana, ndipo mwana amadziwa kukumba kachewere asanadziwe kuwerenga zala zake. Anabwera kuno ku Macanga ali mtsikana, atapeza ntchito ya userevente pa chipatala, ndiye kuti kusesa, kukolopa ndi kuchapa nsalu za odwala. Anagwira zaka vinte e sete, makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Amene anagonekedwapo masiku amenewo amakumbukira zinthu ziwiri, singano ya a enfermera ndi fungo la kreolina, mankhwala okolopera a a Dona Telma. Akuti dokotala wina wochokera ku mzinda anaponda pokolopa kumene ndi nsapato zamatope, ndipo anabwezedwa pakhomo ngati mwana wa primera klase. Anabwereradi. Ena amati anapepesanso. Ine sindinalipo, koma amene anandiuza sanama kawirikawiri.

Amuna awo ndi a Alfredo, mlimi wa fodya, munthu wofatsa amene wakhala zaka makumi atatu akusamba mapazi kuseri kwa nyumba yake asanaloledwe kulowa. Ali ndi malaya a kumunda, a pakhonde ndi a m'sala mochezera alendo, ndipo sasokoneza. Anzawo akamawaseka amangoyankha kuti, "Koma ine sindinatsekulepo m'mimba." Mwana wawo Vânia anakwatiwa ku Angónia, ndipo akuti nayenso apongozi ake amavula nsapato.

Nyumba imeneyi anaimanga pang'onopang'ono, njerwa zootcha, malata, pansi simenti yofiira imene a Dona Telma amaipukuta mpaka nkhuku ikalowa imaterereka. Atatsala chaka chimodzi kuti apume pa ntchito, apite pa reforma, pa chipatala panabwera bambo wina wovala kazaku, jekete lakuda, wochokera ku kampani ina ya seguru ya ku Tete. Dzina la kampaniyo ndilisiya, eni ake akudzidziwa. Anasonkhanitsa antchito pansi pa mtengo n'kuwauza kuti moto, mphepo, madzi, chilichonse chikagwera nyumba, kampani idzakonza. "Inu mumangogona tulo," anatero. Ambiri anaseka n'kubwerera ku ntchito. A Dona Telma sanaseke, chifukwa nyumba ija ndiyo zaka zawo zonse za tsache zitaumbidwa kukhala njerwa. Anasinara dzina lawo. Pepala analikulunga mu pulasitiki n'kuliika pansi pa makapulana a ku tchalitchi. Kuyambira pamenepo kampani inkadula gawo lake mwezi ndi mwezi, osaphonya, osachedwa, osafunsa foto.

Chaka chatha mu Fevereiro, Lachiwiri lina masana, kuphiri kunachita mdima. Mphepo inazula malata atatu a kuchipinda chogona n'kukawaponya m'munda wa nyemba wa a Zefa. A Zefa ndi oyandikana nawo, komadre wawo, mnzawo wapamtima, mayi wa mawu oti akanong'ona kumsika amamva. Mvula inalowa pamwamba. Ndiye ngati zimenezo n'zochepa, ngalande ya mumsewu inatsekeka, madzi onse a kumtunda anasiya njira yawo n'kulowera pakhomo lakuseri, ofiira, atanyamula mapesi, ndowe ndi nsapato imodzi imene mwini wake sanapezeke mpaka lero. M'nyumba anafika m'maondo. Matabwa a kudenga anagwa. Kolishau wogonera anamwa madzi mpaka amuna awiri kulephera kumunyamula. Gwardafatu ya zovala inatupa zitseko. Koma choopsa chinali khoma la kuchipinda. Linang'ambika kuchokera pazenera mpaka pansi, n'kupendekera kunja.

Tsono kuno kwathu zikatere sitidikira kuitanidwa. Mvula ikadali kuwaza, amayi anali atafika kale ndi ndowa, makasu ndi masache, a Zefa ali patsogolo kulamula ngati nyumba ndi yawo. Amuna anakwera padenga. A Alfredo anakasasula malata a pachigafa chawo cha fodya kuti atseke pamene panali pululu. A Yakobe, pedreru womanga nyumba m'bairu, anachirikiza khoma ndi mphanda zinayi. Pofika Lachinayi matope anali atatha. Zoonongeka nazo zinapeza kopita monga zimakhalira. Matabwa a kudenga anakafolera khola la nkhuku la a Yakobe, malata opindika anakatchinga mosambira mwa a Zefa, kolishau anakagona m'khola la mbuzi za mlamu wawo wa a Zefa. Palibe anaba kanthu. Eni ake ndiwo ankati, "Chotsani, chotsani, ndisazionenso."

A Dona Telma anaimba telefoni ku Tete m'mawa mwake mvula itangogwa. Mawu a kumeneko anati dandaulo lalandiridwa, ndipo adzatumiza peritu, munthu woona zoonongeka.

"Liti, mwana wanga?"

"Aguarde, mamã."

Anadikira. A Yakobe anawauza mosabisa kuti mphanda zingagwire khomalo chilimwe chonse, koma mvula ya Novembro ikadzaligunda lidzagwa. Linayenera kugumulidwa n'kumangidwanso kuyambira pansi. Reforma ya serevente singamange khoma, ndipo fodya wa a Alfredo chaka chimenecho ananyowa m'chigafa chopanda malata. Banjalo linasamutsira kama m'sala n'kuika mtima wonse pa pepala lija.

Patapita masabata atatu uthenga unabwera kuti peritu afika Lachisanu.

Apa ndi pamene mayiwa analakwa, ngati n'kulakwa. Kwa iwo, munthu wochokera ku Tete, wa galimoto, wodzalowa mpaka kuchipinda, ndi mlendo. Ndipo mlendo salandiridwa m'matope. Anayang'ana makoma awo, mzere wakuda ukuzungulira nyumba yonse ngati lamba, n'kugwira pakamwa.

"Bambo a Vânia, munthu wa ku Tete adzaone zimenezi? Akanene kwawo kuti ku Furancungo kumakhala nkhumba?"

"Si zimene akubwerera?" a Alfredo anafunsa chapansipansi.

"Ndidzamuuza. Pakamwa ndili napo ine."

Lachitatu anagula njereza. Anapaka kawiri. Anaitana a Yakobe kuti amate mng'alu ndi simenti pamwamba pokha, n'kupakanso njereza. Anabweza kama kuchipinda, anabwereka kolishau kwa a Zefa, n'kuyalapo nsalu yoluka ya maluwa imene imatuluka pa Natale pokha, tsiku la Khirisimasi. Lachisanu m'mawa anazungulira kuseri, anaona mphanda zinayi zija, n'kunena kuti nyumba ikuoneka ngati nkhalamba yoyendera ndodo. Anazichotsetsa. "Tsiku limodzi silingagwe," anatero. Silinagwedi, ndipo ndicho chinawapweteka.

Peritu anafika cha m'ma onze ora, dzuwa lisanafike pamutu, pa galimoto yoyera. Dzina lake Octávio, mwamuna wa malaya osita, telefoni yaikulu ngati mbale. Anapereka moni m'Chipwitikizi, n'kuyamba kuyenda chipinda ndi chipinda akujambula. A Dona Telma ankatsatira pambuyo akuloza khoma loyera mbee. "Madzi anafika apa. Apa panali mng'alu woti dzanja kulowa." Iye ankangogwedeza mutu. Kenako anamukhazika pameza, pali nkhuku yachikuda, mpunga ndi kachewere wochokera kwa abale a ku Ntengo-Wambalame. Atafika pa ntchafu yachiwiri Chipwitikizi chinamuthera. Anayamba Chichewa chathu chomwechi, ndipo a Zefa, amene anabwera kudzapempha mchere n'kukhala maola awiri, sanachedwe kumufukula. Munthuyo ndi wa ku Chidzolomondo konkuno! Amayi ake ndi aja amabwera ndi nyemba kumsika Loweruka, a Zefa amawadziwa bwinobwino.

Octávio ananunkhiza m'mwamba n'kuseka. "Njereza yatsopano iyi. Amayi anga nawo ndi chimodzimodzi. Akamva kuti kukubwera mlendo amapaka ndi miyala ya pabwalo yomwe."

Mawu amenewa a Zefa anawasunga, inunso muwasunge. Pochoka anamuikira theka la thumba la kachewere m'galimoto. Sanakane.

Kalata inafika mu Abril. A Dona Telma anaiwerenga katatu ataimirira pakhonde, kenako anaitana a Zefa pa mpanda n'kuwawerengera mokweza, ndiye bairu yonse inamva. Kampani inati peritu wake sanapeze chizindikiro chilichonse cha madzi, nyumba ili bwinobwino, dandaulo lakanidwa. Pansi pake panali mzere wina wokumbutsa kuti kunena zabodza kwa kampani ndi mlandu.

"Zabodza!" a Dona Telma anatero. "Ine ndasunga makiyi a stoo ya chipatala zaka vinte e sete, kapisi ka sabau wochapira sikanasowepo. Lero ndine wabodza?"

"Komadre, ndiye ife masiku awiri aja tinkatunga chiyani?" a Zefa anakuwa. "Mphepo? Msana wangawu ukuwawabe chifukwa cha bodza?"

"Ndipo ntchafu zonse ziwiri anadya yekha," anatero a Alfredo, amene tsiku lija anapatsidwa khosi.

Ine nkhaniyi imandiwawa pamenepa. Akanatumiza munthu wa kutali, wosadziwa makhalidwe a kuno, tikanati ndi umbuli. Koma uyu anakula akunyamula ndowa ya njereza ya amayi ake. Mphuno yake inadziwa, pakamwa pake pananena, dzanja lokha ndilo linalemba zina. Ndipo taganizirani chimene kampaniyo inkafuna. Inkafuna kuti mayi wamkulu ngati ameneyu akhale m'matope masabata atatu, azidya, azigona, aziphika pakati pa ndowe, anansi akabwera ndi ndowa awabweze pakhomo, kuti tsiku limene iwo adzapeze nthawi foto idzaoneke bwino. Amene analemba lamulo limenelo mwina kwawo kulibe mvula, mwina kulibe anansi.

Lolemba lotsatira a Dona Telma anavala kapulana watsopano, anatenga pepala lija ndi kalata, n'kukwera chapa, minibasi ya ku Tete. Ulendo umenewo amene mwauyenda mukuudziwa. Umachoka kuno utavala juzi, ukafika kuchigwa ukulakalaka kuvula ndi khungu lomwe. Anakhala pakati pa matumba a chimanga ndi bambo wina amene anafukata mbuzi, ndipo akuti njira yonse ankangoyang'ana galasi la chapa, dzanja likuyabwa kufuna kulipukuta.

Ofesi ya kampaniyo inali yozizira ngati m'jelera, firiji ija. Pa balkau, tebulo lolandirira anthu, panali mtsikana wa zikhadabo zazitali, dzina lake Elsa, amene anawerenga kalatayo ngati akuwerenga mtengo wa tomato.

"Mamã, pepala lanu lomweli likunena. Apa, klauzula dezasete. Simuyenera kusuntha kapena kukonza kanthu peritu asanafike."

A Dona Telma anawerama. Tizilembo take tinali ngati nyerere zobadwa dzulo.

"Amene anandigulitsa sananene zimenezi, mwana wanga. Anati ndizingogona tulo."

"Ameneyo anasiya ntchito. Mukanajambula foto, mamã."

Mayiwa anamasula mfundo ya kapulana n'kutulutsa kabombinya kawo, katelefoni kamabatani kaja kamene ntchito yake ndi kuimba ndi kuwalitsa tochi. Anakaika pa balkau. "Jambula wekha ndione."

Elsa sanakakhudze.

"Nanga mboni? Bairu yonse inalipo. Ndingakubweretsere amayi makumi awiri ndi ndowa zawo."

"Sistema salandira mboni."

"Sistema ameneyo amagona kuti? Mvula ikamulowera amatani, amakhala momwemo kudikira iwe?"

Anthu amene anali pa mzere anayamba kutembenuka. Elsa anati shefi ali pa msonkhano. A Dona Telma anati msonkhano uli ndi mathero, n'kukhala pa mpando woyang'anizana ndi chitseko chake. Anakhala maola atatu. Anadya kachewere wophika amene ananyamula, makoko anawakulunga bwinobwino n'kuwabweza m'thumba. Pa maola atatuwo anaona zonse: kangaude pakona, dothi la m'mphepete mwa khoma limene wokolopa amangolizungulira, fumbi pamwamba pa chimango cha zenera. Munthu wina akanangotopa. Iwo anapeza chonena.

Shefi atatuluka, bambo wa mimba ndithu, anafuna kudutsa mofulumira, koma anapeza mayi wamfupi ataima panjira ndi lenso yoyera, kansalu kopukutira thukuta, m'manja. A Dona Telma anapita pazenera, anapukuta kamodzi, n'kumuonetsa lensoyo. Inali yofiira.

"Sinyoro shefi, apa panali fumbi?"

Shefi anayang'ana Elsa, Elsa anayang'ana zikhadabo. "Panali, mamã."

"Likuoneka?"

"Mwapukuta."

"Ndiye khalani pansi mulembe kalata. Mulembe kuti panalibe fumbi, ndipo amene akuti linalipo ndi wabodza, ali ndi mlandu. Musinare dzina lanu."

Bambo wina pa mzere anaseka mpaka kukhosomola. Shefi sanaseke. Anawalowetsa mu ofesi, anawapatsa madzi ozizira, ndipo patapita kanthawi anavomera kuti peritu abwerenso. Koma anaika malamulo awiri. Zonse zimene zinaonongeka zibwerere pamalo pake, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka peritu afike, m'nyumbamo musakhudzidwe kanthu. "Nada, mamã. Ngakhale tsache."

Atabwerera kuno ntchito inayamba yoti sinaonekepo m'bairu mwathu, yoitanitsa zinyalala. A Yakobe anasasula khola la nkhuku akudandaula kuti nkhuku zawo zilibe seguru. A Zefa anachotsa malata a mosambira mwawo, ndipo masabata awiri ankasamba atatchinga ndi kapulana, akuimba mokweza kuti anthu asayandikire. Gwardafatu inapezeka itatsala zitseko ziwiri zokha, zina zinali zitaphikira nyemba kalekale. Choipa kwambiri chinali kolishau. Anali atagona ndi mbuzi miyezi iwiri. Amuna anayi anamunyamula atatembenuzira nkhope kumbali, n'kukamuika pakati pa chipinda chimene kale nkhuku inkaterereka. A Dona Telma anaima pakhomo, maso ali gwa. Amene anawaona tsiku limenelo amati pa maliro a amayi awo sanaoneke choncho.

Anauzidwa kuti peritu abwera pakatha masiku asanu ndi anayi. Anabwera patatha masiku khumi ndi asanu ndi limodzi.

Masiku amenewo a Zefa anatenga masache onse a pakhomopo, atatu, n'kukawatsekera kwawo, chifukwa ankawadziwa komadre wawo. Tsiku lachitatu anawapeza akusesa pakhonde ndi nthambi ya bulugama.

"Komadre! Mukufuna khoma kapena mukufuna mizere?"

"Ndi pakhonde pokha apa."

"Mumayamba choncho inu. Bweretsani."

A Dona Telma anawonda. Ankakhala pansi pa mtengo wa pichesi, manja ali pachifuwa, akuyang'ana masamba akugwa pabwalo lawo limodzi ndi limodzi. Nkhuku za a Yakobe, zimene tsopano zinalibe khola, zinapeza kuti kolishau ndi malo abwino oikira. Munthu mmodzi yekha ndiye ananenepa, a Alfredo. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire analowa m'nyumba mwawo ndi nsapato za kumunda. Anakhala pa mpando wa m'sala ndi malaya a fodya, miyendo atatambasula. Akazi awo atawayang'ana anangoti, "Ndi lamulo la kampani, mayi a Vânia. Tisakhudze kanthu."

Tsiku lofika, galimoto yoyera ija inaima pamalo omwe aja, ndipo anatsika ndi Octávio yemwe uja. Anapeza theka la bairu litakhala pabwalo. Nkhuku siinaphedwe. Mpunga sunaphikidwe. Anapatsidwa mpando, chifukwa mpando sitimana munthu, ndi madzi m'kopo. Anayamba ndi Chipwitikizi.

"Bom dia, dona..."

"Lankhula cha kwanu," a Zefa anamudula. "Chichewa chimakubwerera pokhapokha ukagwira ntchafu?"

A Dona Telma sanakweze mawu. Anamulowetsa m'sala n'kumupatsa mpeni wa kukhitchini. "Pala wekha, mwana wanga. Ine ndikapala mudzati ndasuntha kanthu."

Anagwada n'kuyamba kupala. Njereza inagwa, yoyamba, kenako yachiwiri. Pansi pake panatuluka mzere uja, wakuda, wowongoka, pa msinkhu wa bondo, uli ndi timapesi tating'ono titamatirira. Anapala malo aakulu ngati thireyi. Kenako anapita naye kuchipinda, kudutsa pa kolishau, amene fungo lake linamulonjera asanalowe. A Yakobe anagogoda simenti yomatira ija ndi nyundo kawiri, inagwa ngati chikhokho, mng'alu n'kuyasama. Octávio analowetsa dzanja. Linalowa mpaka m'chigongono.

"Tsiku lija sindinaone zimenezi, mamã. Ine ndimalemba zimene maso aona."

"Maso okha ndiwo amalembedwa ntchito kwanuko?" a Dona Telma anafunsa. "Mphuno unaisiya m'galimoto? Unakhala pameza panga iwe, unati njereza ndi yatsopano, unati amayi ako amapaka ndi miyala yomwe. Unadziwa chimene ndinachita ndi chifukwa chake. Ukanangoti, amayi, palani apa ndione. Mawu anayi. Mpeni womwewu unali pameza, unadulira nkhuku."

"Pa fomu palibe polemba zimenezo."

"Koma polemba kuti ndine wabodza panapezeka."

Octávio anayang'ana pansi. A Zefa anali ataima pazenera. "Loweruka ndikaonana ndi amayi ako kumsika," anatero. "Ndikangowafunsa ngati nyumba yawo ili ndi seguru. Sindikanena zambiri ine."

Amene amawadziwa a Zefa anadziwa kuti chiopsezo chimenechi chikuposa kalata iliyonse ya ku Tete. Octávio anajambula zonse, mzere, mng'alu, malata, kolishau ndi mazira awiri amene anali pamenepo. Pochoka anatsegula kumbuyo kwa galimoto kuti aike chikwama, ndipo anthu onse anayang'ana ngati muikidwa thumba. Simunaikidwe.

Galimoto isanakhote pa mpope, a Dona Telma anali atafika kale kwa a Zefa kukatenga masache. Anasesa mpaka dzuwa kupendeka. A Alfredo anabwerera kuseri kukasamba mapazi.

Musaganize kuti kampani inachita manyazi. Kalata yachiwiri inatenga miyezi. Inavomera khoma ndi malata. Inakana kolishau, matabwa ndi gwardafatu, akuti zinachotsedwa pamalo ndipo sizikudziwika ngati zinaonongeka ndi madzi kapena ndi mbuzi. Za mzere uja wa bodza sinatchule, ngati sunalembedwepo. Kupepesa kunalibe. Ndalama inatuluka kumapeto kwa Novembro, mitambo itayamba kale kusonkhana kuphiri. A Yakobe anagumula khoma Lolemba, mvula yoyamba inagwa Lachitatu, ndipo anamanga masiku asanu ndi limodzi pansi pa pulasitiki wakuda amene amuna a m'bairu ankasinthana kugwira m'makona. A Dona Telma ankatchinga njerwa ndi makapulana awo a ku tchalitchi. Ndalamayo ikanachedwa sabata imodzi, bwenzi nkhaniyi ili ina.

Khomalo lilipo, lowongoka, loyera. Kama inabwerera kuchipinda, kolishau watsopano anatumiza ndi Vânia. Malata a chigafa anabwerera kuchigafa.

Koma mukalowa m'sala, mutavula nsapato, yang'anani kumanzere kwa chitseko. Pakhoma loyera mbee pali malo amodzi aakulu ngati thireyi, opalidwa ndi mpeni, mzere wakuda ukudutsa pakati. A Dona Telma apaka njereza kawiri chichitikire zimenezi, ndipo kawiri konse burashi yazungulira pamenepo. Ndi dothi lokhalo limene lili m'nyumba imeneyo, ndipo amalisamala koposa nsalu ya Natale. Mlendo aliyense amamuonetsa asanamupatse mpando.

Tsiku lina a Zefa, atakhala pansi pake akusenda kachewere, anafunsa, "Komadre, khoma munamanga, ndalama munalandira. Apa mudzapaka liti?"

"Tsiku limene adzalembe kuti sindinaname."

"Ndiye pakhala."

"Pakhale," anatero a Dona Telma. "Ndipo musagwetse makoko pansi, ndakolopa."